Sikelo yaima wiki yachisanu, inu mumatani kuti musasiye?

Mayi wa Atatu · Lamlungu 21:40

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete kuyambira Januwale koma lero ndati ndiyankhule basi chifukwa zandifika pakhosi. Ndinayamba ndili pa makilo 94, pofika kumapeto kwa Malichi ndinali pa 87, chimwemwe chake mpaka ndinakaboola bowo lina pa lamba. Nde zinangoima. Wiki yachisanu tsopano sikelo ikungondionetsa 87, 87.4, 86.9, 87 yomweyo ngati yatha mabatire.

Lachinayi lapitali kuntchito kunali kaphwando kotsanzikana ndi mnzathu wina, ndinati ndingolawa keke kachidutswa kamodzi, ndinapezeka ndadya zitatu. Pofika kunyumba ndinati aaa lero laonongeka kale bola ndingomalizitsa, 11 koloko usiku ndinali nditaima pa firiji ndikudya zotsala za ana ndi manja, getsi osayatsa, ndikuonera kuwala kwa firiji komweko ngati mbava m'nyumba mwanga momwe. Kuchokera tsiku limenelo sikelo ndaikankhira kunsi kwa bedi, nsapato zoyendera zili pakhomo zikungondiyang'ana.

Inu amene mwatha chaka kapena ziwiri osabwerera m'mbuyo, mumatani mtima ukachoka? Chonde zoti "limbikirani amayi" ayi, zimenezo ndadziuza ndekha mpaka ndatopa nazo.

Dalaivala wa Thiraki · 21:48

Kkkk pepani achemwali sikuti ndikukusekani ayi koma za firijizo mwandijambula ine ndendende. Ine ndimachita kuyenda monyang'ama kuti madamu asamve, kuiwala kuti chivundikiro cha poto chimalira ukamabwezera. Takulandirani, muli pakati pa anzanu.

Aphunzitsi a Masamu · 22:03

Amayi tisanapite patali tiyeni tiwerengetse kaye, ndi nthenda yanga imeneyi mundikhululukire. 94 kuchotsa 87 ndi 7. Makilo 7 pa 94 ndi 7.4 peresenti. Ku America kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa Diabetes Prevention Program, zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Anatenga anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera koma asanafike pa matenda enieni, gulu lina analiuza kuti lichepetse thupi ndi 7 peresenti ndikumachita zolimbitsa thupi monga kuyenda ndawala mphindi 150 pa wiki. Gulu limenelo chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti, pomwe amene anapatsidwa mankhwala a metformin chinatsika ndi 31. Ndiye 7 peresenti imene madokotala aja ankachita kupempha inu mwaikwanitsa kale, koma mwalowa muno mutu uli pansi ngati mwana wolephera mayeso.

Za keke zija. Kilo imodzi ya mafuta am'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700. Zidutswa zitatu kuphatikiza zotsala za ana sizingafike pamenepo olo mutanyambita ndi mbale zomwe. Ine chondidetsa nkhawa ndi sikelo ili kunsi kwa bediyo.

Mayi wa Atatu · 22:10

Aphunzitsi manambala anuwo andikhazikako mtima pansi pang'ono. Koma nanga zaimiranji? Chakudya ndi chomwe chija, kuyenda ndi komwe kuja, palibe chomwe ndasintha.

Aphunzitsi a Masamu · 22:19

Mwadziyankha nokha, mwati chomwe chija. Thupi la makilo 87 silidya mphamvu zofanana ndi la makilo 94, katundu wachepa, ndiye chakudya chimene chinkakuchepetsani mu Febuluwale lero chikungokwana ndendende. Chinanso, masabata oyambirira zambiri zimene zimachoka ndi madzi, chifukwa shuga amene thupi limasunga m'chiwindi ndi m'minofu amasungidwa limodzi ndi madzi, giramu imodzi imagwira madzi pafupifupi magiramu atatu. Nchifukwa chake poyamba zimathamanga kenako zimayamba kukwawa. Komanso dzanja limakula osadziwa. Mu Januwale mafuta ophikira munkayeza ndi supuni, ndikukayika ngati lero mukuyezabe, ndipo supuni yaikulu imodzi yokha ndi makalori 120 kapena kuyandikira pamenepo.

Mayi wa Atatu · 22:21

Iii za supunizo mwandigwira. Ndimangopendeka botolo masiku ano.

Mwana wa Jimu · 22:30

Ine ndiyankhula chilungamo olo mundide. Zonsezi ndi zifukwa basi. Amene akufuna amadzuka, amene sakufuna amapeza chonena. Ine 4:30 ndili maso daile, mvula kaya dzuwa, palibe amandiimbira foni palibe amandinyengerera. Vuto la anthu ambiri muno ndi ulesi, mukufuna thupi labwino koma thukuta mukuliopa.

Namwino wa Usiku · 22:41

Achimwene muli ndi zaka zingati ndipo mumasambitsa ana angati musanapite ku jimu kwanuko? Mayi awa achotsa makilo 7 akulera atatu ndikupita kuntchito, ulesi wake uti. Ine mawu ngati anuwo ndimaona zotsatira zake kuntchito kwanga, munthu ukamunyoza za thupi lake tsiku lobwera kudzayezetsa sabweranso, amakhala kunyumba mpaka zitafika poipa. Manyazi sanaondetsepo munthu, amangomuphunzitsa kudyera mumdima.

Amayi inu, mvetserani izi. Sikelo imayeza zonse, mafuta, madzi, chakudya chomwe chidakali m'matumbo. Mukadya zamchere wambiri madzulo m'mawa mupeza yakwera, masiku oyandikira kumwezi ambirife imakwera ndi kilo kapena kuposa, zimenezo si mafuta. Tengani chingwe wamba, muyeze kutalika kwanu kuchokera kumutu mpaka kuphazi, mudule, muchipinde pakati, ndiye muzungulize m'chiuno chapamwamba pang'ono pa mchombo. Cholinga nchakuti nsonga ziwirizo zikumane, kutanthauza kuti chiuno chisapose theka la kutalika kwanu. Muziika kachizindikiro ndi bolopeni mwezi ndi mwezi. Ine panali nthawi sikelo inaima masabata asanu ndi limodzi koma chingwe chikusuntha ndithu.

Ndipo mukugona maola angati? Poti 11 koloko munali pa firiji.

Mayi wa Atatu · 22:47

Asanu, tsiku labwino asanu ndi theka. Wamng'ono amadzukadzuka.

Namwino wa Usiku · 22:55

Apo pali china. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kupita m'tsogolo. Tulo tikachepa homoni yotchedwa ghrelin yomwe imadzutsa njala imakwera, leptin yomwe imauza ubongo kuti zakwana imatsika, ndiye tsiku lotsatira maso amangothamangira zotsekemera ndi zokazinga. Ine wa mashifiti ausikune ndimazidziwa bwino, 3 koloko m'bandakucha ndikhoza kudya chilichonse chomwe sichikuthawa. Sindikunena kuti mwana mumusiye azilira, koma ngati pali ola limodzi limene limathera pa foni mutagona kale, limenelo libwezeni ku tulo.

Gogo Woyenda · Lolemba 06:52

Ana anga mwadzuka bwanji. Ine ndili ndi zaka 63, foniyi anandiphunzitsa ndi mdzukulu ndiye zolakwika mukhululuke. Dokotala atandiuza za kuthamanga kwa magazi ndi maondo ndinayamba kuyenda ndekha. Ndinayenda masabata atatu ndikusiya. Ndinayambanso, awiri, ndikusiya. Kenako mayi wina woyandikana naye nyumba, amene kunena zoona sitinkamwerana madzi kwenikweni chifukwa cha nkhani ya mpanda, anati tiziyendera limodzi poti nayenso anamuuza zomwezo.

Ndikuuzeni chilungamo, m'mawa kukamazizira mtima wanga sufuna ngakhale pang'ono, zaka zinayi tsopano sunafunepo olo tsiku limodzi. Koma 5:30 ikangokwana ndimamva geti kuti ngwe ngwe ngwe, ndimadziwa kuti waima panja manja ali m'khwapa, ndipo ndikachedwa mphindi zisanu andinena njira yonse mpaka pobwerera. Ndimadzuka chifukwa cha pakamwa pa mayi ameneyo basi. Tsiku limene iye wagona ulesi ndine ndimakagogoda, ndipo ndimagogoda mokweza dala kuti ndibwezere. Makilo 11 anachoka ndipo sanabwerere, nkhani ya mpanda ija tinaiiwala.

Ndiye mtima umene mukuufunafunawo mwana wanga ine sindinaupeze. Ndinapeza mnansi wolongolola.

Dalaivala wa Thiraki · 07:10

Agogo mwatseka nkhani kkkk. Mnansi wanuyo sabwereketsa?

Aphunzitsi a Masamu · 07:34

Zimene anena agogozi anaziyesapo. Mu 1999 akatswiri a ku America Rena Wing ndi Robert Jeffery anatulutsa kafukufuku wa anthu amene ankachepetsa thupi, ena analowa okha ena anabwera ndi anzawo kapena abale atatu. Mwa amene anabwera okha ndikulandira malangizo wamba, 76 peresenti anamaliza pulogalamu ndipo 24 peresenti okha ndi amene sanabwezere makilo omwe anachotsa. Amene anabwera ndi anzawo ndikuphunzitsidwa kuthandizana, 95 peresenti anamaliza, 66 peresenti sanabwezere. Malangizo a kadyedwe anali amodzimodzi.

Dalaivala wa Thiraki · 08:02

Koma aphunzitsi si gulu lililonse lomwe limathandiza, ine ndili ndi umboni. Kuntchito kwathu tinapanga kagulu anthu asanu, Lolemba lililonse aliyense atumize chithunzi cha sikelo, amene wakwera alipire chindapusa, kumapeto kwa miyezi itatu wopambana atenge zonse. Wiki yoyamba bho, yachiwiri bho. Yachitatu tinayamba ukathyali. Wina Lamlungu lonse osamwa madzi, ndipo ndi munthu woyendetsa galimoto lalikulu mawa lake, tangoganizani. Wina anapezeka akutumiza chithunzi chakale, tinamugwirira pa chikhadabo cha chala chachikulu, chinali chitathyoka wiki yathayo koma pa chithunzi chili bwinobwino. Ineyo, ndiulule poti tili pakati pa abale, ndinkakwera pa sikelo dzanja limodzi nditatsamira pa sinki, makilo awiri amachoka pompo. Titayeza Lolemba m'mawa madzulo ake tonse tinkakadya ngati tachokera kundende.

Miyezi iwiri isanathe gulu linafa, ndalama zinabwezedwa mokangana, ine ndinatuluka ndili ndi makilo atatu oonjezera. Ndiye ndikamva zoti tiziyang'anirana ndimayamba ndafunsa kuti kuyang'anirana kwake kotani.

Namwino wa Usiku · 08:40

Eya, pamenepo nde pagona nkhani. Gulu lanulo linkalanga munthu akanena zoona ndiye aliyense anaphunzira kunama. Mnzako woyenda naye akhale munthu woti tsiku loipa ukhoza kumuuza osachita thukuta.

Ine ndi mnzanga wina wa kuntchito tili ndi lamulo lathu chaka chachiwiri tsopano. Tisanagone aliyense amalemba zinthu zitatu, ndayenda kapena sindinayende, zotsekemera ndamwa kapena ayi, ndagona maola angati. Winayo yankho lake ndi limodzi lokha: ndaona. Osalalikira, osayamikira, osafunsa chifukwa. Poyamba zinkaoneka zachibwana koma mudzadabwa, dzanja likamapita pa botolo la soda umakumbukira kuti madzulo ndikalemba, ndipo nthawi zina umabweza. Nthawi zina subweza, umamwa ndithu, ndikukalemba kuti ndamwa awiri, iye amati ndaona, mawa kwacha. Lamulo lachiwiri, ukangokhala chete masiku awiri winayo amaimba foni. Chifukwa ife tinazindikira kuti amene wadya keke ndikunena alibe vuto, woopsa ndi amene wangoti zii.

Mayi wa Atatu · 09:15

Amene wangoti zii ndi ineyo. Ndili ndi mng'ono wanga amene ndinkamutumizira manambala Loweruka lililonse, zikutsika ndinkatumiza 6 koloko m'mawa ndi timaluwa, zitaima ndinayamba kutumiza madzulo, kenako ndinangosiya. Anandifunsa kawiri ndinamuyankha za ana.

Tiyi Wozizwitsa · 09:22

Amayi musavutike ndi zonsezi!! Ndili ndi tiyi wachilengedwe wosungunula mafuta, makilo 10 m'masiku 14 osasiya chakudya chilichonse osathamanga, anthu ambiri athandizika kale, ndipezeni ku inibokosi

Adimini · 09:25

Zamalonda muno ayi, lamulo lachitatu. Ndakuchenjezanipo kale mwezi watha. Ulendo uno mwatuluka.

Namwino wa Usiku · 09:33

Zikomo a Adimini. Kwa amene mwina anamulembera kale, matiyi ambiri oterewa amakhala ndi senna, mankhwala otsegula m'mimba. Umathamangira kuchimbudzi, madzi amachoka, sikelo imatsika, mafuta ali phee pamalo pake. Ukamwa nthawi yaitali michere ya m'thupi monga potaziyamu imasokonekera ndipo zimenezo zimakhudza mpaka mtima. Liwiro limene azaumoyo amalimbikitsa ndi theka la kilo mpaka kilo imodzi pa wiki. Makilo 10 m'masiku 14 ine ndimawaona kwa odwala amene agonekedwa.

Bambo a Mapasa · 12:18

Ine funso langa ndi la sikelo lomwelo. Ena amati uzikwera tsiku lililonse ena amati kamodzi pa wiki, zoona nziti? Ine ndikakwera daile ndikapeza yakwera ndi 0.6 tsiku lonse ndimakhala wolusa, ana amachita kudziwa kuti lero adadi akwera sikelo.

Aphunzitsi a Masamu · 12:50

Ine ndimakwera daile, m'mawa ndikachoka kuchimbudzi ndisanadye, ndimalemba mu kope, koma nambala ya tsiku limodzi sindiilabadira. Lamlungu ndimaphatikiza zisanu ndi ziwirizo ndikugawa ndi 7, yotulukayo ndi imene ndimafanizira ndi ya wiki yatha. Madzi ndi mchere zimabisala mu nambala ya tsiku koma mu avereji sizingabisale.

Ku America kuli kaundula wotchedwa National Weight Control Registry, anayamba mu 1994, amalembamo anthu amene anachotsa makilo osachepera 13.6 ndikukhala chaka kapena kuposa osawabwezera. Mwa anthu amenewo 75 peresenti amadziyeza kamodzi pa wiki kapena kuposa, 78 peresenti amadya kadzutsa tsiku lililonse, ndipo 90 peresenti amachita zolimbitsa thupi pafupifupi ola limodzi pa tsiku, ambiri mwa iwo amakonda kuyenda. Ndiye kaya daile kaya pa wiki sankhani, bola isakhale kunsi kwa bedi.

Namwino wa Usiku · 13:06

Apa aphunzitsi tisiyana pang'ono. Inu manambala ndi anzanu, ena manambala amawadwalitsa. Bambo a Mapasa ngati 0.6 ikukuonongerani tsiku, kamodzi pa wiki nkokwanira, tsiku lomwelo nthawi yomweyo. Ndipo ndinene poyera poti muno timawerenga ambiri, ngati wina wafika poti akadya amakadzisanzitsa, kapena amakhala tsiku lonse osadya podzilanga, kapena amakwera sikelo kasanu pa tsiku, zimenezo zapitirira za gulu lino, akaonane ndi adokotala ndipo palibe chochititsa manyazi.

Bambo a Mapasa · 13:20

Ndamva asisi, Lachitatu lililonse basi. Ana apume.

Koma china chomwe chimandigwetsa ine ndi kunyumba komweko. Madamu amaphika bwino mayooo, ndipo ndikasiya chakudya m'mbale amaona ngati ndanyoza. Ndikati ndichepetsereni amati mwayamba kudya kwina eti. Nanga pamenepa munthu ungatani.

Gogo Woyenda · 14:02

Mwana wanga musamakane chakudya chili kale patebulo, pamenepo wophika aliyense amapsa mtima, wataya nthawi yake. Mukambirane masana mimba zili zokhuta, muwauze zimene dokotala ananena, muwapemphe kuti akuthandizeni iwowo ndi amene akhale kapitawo wanu. Munthu ukamupatsa udindo amasiya kulimbana nawe. Ndipo muziyamikira kwambiri kuposa kale pamene mukudya zochepazo. Malemu amuna anga ndinkawachita zomwezo za mbale yodzaza, ndinkaona ngati ndi chikondi.

Mayi wa Atatu · 14:30

Kwathu ndi chokoleti. Bambo akunyumba akaona ndakhumudwa amabwera nacho, ndipo panopa ndikukhumudwa chifukwa cha thupi lomwelo kkkk ndiye onani mmene zikuzungulira.

Dalaivala wa Thiraki · 15:11

Chimene chinandithandiza ine gulu lachinyengo lija litatha ndi kujambula. Chilichonse cholowa mkamwa ndiyambe ndachijambula, olo bisiketi imodzi. Sinditumizira munthu, madzulo ndimangoyang'ana ndekha. Wiki yoyamba ndinadzidzimuka, ine ndinkalumbira kuti ndimadya kawiri pa tsiku koma zithunzi zinali 9, 11, tsiku lina 13. Zambiri zinali zakumwa zoziziritsa kukhosi pa ulendo kuti ndisagone. Ndinasiya zimenezo zokha, madzi ndi khofi wopanda shuga, makilo anayi anachoka m'miyezi itatu chakudya osachikhudza.

Aphunzitsi a Masamu · 15:40

Chitini chimodzi cha 330 ml cha zakumwa zambiri zotere chimakhala ndi shuga magiramu 35 kapena kuyandikira, bungwe la WHO limati shuga woonjezera asapose magiramu 50 pa tsiku ndipo ndibwino kwambiri atakhala pansi pa 25. Ndiye zitini ziwiri mwadutsa kale malire musanathire supuni mu tiyi. Za kulemba zomwe wadya nazonso anaziyeza, mu 2008 a Kaiser Permanente, bungwe la zaumoyo la ku America, anatulutsa zotsatira za anthu pafupifupi 1,700, amene ankalemba tsiku ndi tsiku anachotsa makilo owirikiza kawiri poyerekeza ndi amene sankalemba.

Wongowerenga · 19:05

Pepani ndilowerere. Ine masitepe 10,000 aja andigwetsa mphwayi, ndimafika 6,000 basi ndiye ndimaona ngati ndikungotaya nthawi. Komanso ndimve za majakisoni ochepetsa thupi omwe atchuka aja, si bwino kungobayitsa ndikupuma zonsezi?

Aphunzitsi a Masamu · 19:31

10,000 ija musaiope, inachokera kwa amalonda. Mu 1965 kampani ina ya ku Japan yotchedwa Yamasa inatulutsa kachipangizo kowerenga masitepe dzina lake Manpo-kei, kutanthauza mita ya masitepe 10,000, nambala inangokoma m'khutu ndikufalikira. Zimene WHO imanena ndi mphindi 150 mpaka 300 pa wiki za zinthu ngati kuyenda ndawala, kuphatikiza masiku awiri olimbitsa minofu. Ngati kale munkayenda 3,000 lero muli pa 6,000 mwawirikiza kawiri.

Namwino wa Usiku · 19:50

Majakisoniwo amagwiradi ntchito, si ngati tiyi uja. Imodzi mwa majakisoniwo ndi semaglutide, pa kafukufuku wake wamkulu anthu anachotsa pafupifupi 15 peresenti ya thupi m'masabata 68. Koma amene anasiya kubaya, chaka chimodzi chitadutsa anali atabwezera pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zomwe anachotsa. Ali ndi zovuta zakenso, nseru, kusanza, kudzimbidwa. Ndi mankhwala oti akulembereni adokotala atakuyezani, osati ogula kwa munthu wa pa intaneti amene simukudziwa kuti mu botolo waikamo chiyani. Ndipo olo mubayitse, za kadyedwe ndi kuyenda sizikuthawani.

Mayi wa Atatu · Lachiwiri 06:20

Ndaitulutsa. Inali ndi fumbi ndi sokosi ya mwana pamwamba. 87.6. Ndinaima kaye kaminiti ndikuiyang'ana, m'mutu mwanga ndinali nditakonzekera 90. Masiku asanu onse ndakhala ndikuthawa 0.6.

Mng'ono wanga ndamulembera zonse, za keke za firiji zonse, ndamuuzanso za lamulo la ndaona. Wayankha kuti "ndaona, komanso ndimadziwa kale, unkayankha za ana ngati ndafunsa za ana." Kuyenda sindinayambe, ndisaname. Funso lomaliza, zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti chinthu chizolowereke, ndinamva zoti masiku 21 koma ine ndadutsa 21 kangapo konse ndipo bedi likukomabe.

Aphunzitsi a Masamu · 06:58

Ya 21 ija ilibe umboni weniweni. Phillippa Lally ndi anzake ku University College London anatsatira anthu amene ankayamba chizolowezi chatsopano, pakatikati zinatenga masiku 66 kuti chizichitika chokha, ena 18 ena mpaka 254, ndipo zolimbitsa thupi zinkachedwa kuposa zophweka monga kumwa madzi. Chimene chingakusangalatseni nchakuti anapeza kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkaononga kanthu. Ine lamulo langa ndi loti ndikaphonya lero mawa ndipite olo mphindi khumi zokha, olo ndingozungulira nyumba nditavala nsapato.

Gogo Woyenda · 07:15

Masiku 66 ake ati aphunzitsi, ine zaka zinayi bedi likukomabe kkkk. Mwana wanga musadikire kuti lisiye kukoma. Pezani wogogoda.

Mayi wa Atatu · Lachisanu 21:05

Malipoti. Wogogoda ndamupeza, mayi wina amene timakumana poperekeza ana kusukulu, ndinachita manyazi kumufunsa koma kani nayenso ankafuna munthu. M'mawa sizitheka chifukwa cha wamng'ono ndiye timayenda 5 koloko madzulo, mphindi 30, amayenda mothamanga ngati akuthawa ngongole. Lachitatu ndayenda. Lachinayi sindinayende, kunabwera alendo, ndipo ndinadya chokoleti chonse cha bambo aja osagawirako munthu. Lero ndayenda. Mafuta ndabwerera ku supuni. Chingwe ndayeza, pakutsala zala zinayi kuti nsonga zikumane. Tulo maola 6.

Namwino wa Usiku · 21:09

Ndaona.

Gogo Woyenda · 21:14

Ndaona mwana wanga.

Mwana wa Jimu · 21:52

Poti aliyense akuulula. Ine ku jimu sindinapondeko masiku 12. Tsiku lomwe ndinkalemba za 4:30 lija ndinali pa sofa ndi paketi ya mabisiketi pamimba. Mnzanga amene tinkanyamula naye zitsulo anasamuka mwezi watha ndiye zangozilala. Amayi pepani za ulesi zija.

Dalaivala wa Thiraki · 21:55

Kkkkkk aise!! Ndaona, koma ndaona kwambiri.

Mayi wa Atatu · 22:01

Palibe mlandu achimwene. Wamng'ono wanga amandidzutsa 4 koloko daile osaphonya, ndiye 4:30 ndimakhala ndili maso kale ndikungoyang'ana kudenga. Mawa ndikulemberani muno, muyankhe ndi chithunzi cha nsapato zili kuphazi, osati zili pakhomo, zimenezo ndikuzidziwa ine.